Chikuto cha buku langa chikhale cha pepala lotani?

Funso: "Ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala ku Salima. Ndalemba buku la nthano ndi miyambi la ana a sukulu za pulayimale, lamasamba 160, kukula kwake A5, ndipo ndikufuna kusindikiza makope 500 ndi ndalama zanga za penshoni. Osindikiza ena ku Lilongwe andipatsa mitengo itatu: chikuto cha 250 gsm cha gloss, cha 300 gsm cha matt, ndi cha 350 gsm cha matt chokhala ndi spot UV pa mutu wa buku. Mawu amenewa sindikuwamva. Mnzanga anasindikiza buku lake chaka chatha, koma mvula itangoyamba zikuto zonse zinapindika ngati chikopa choumitsa padzuwa. Ine ndikuganiza zongosankha chokhuthala kwambiri kuti ndisadzadandaule. Kodi ndikulakwitsa?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa mwafunsa ndalama zisanatuluke m'thumba, ndipo pa nkhani yosindikiza nthawi yofunsa ndi imeneyo. Anthu ambiri amene akhala akubwera kwa ine pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi amafika makatoni a mabuku ali kale pakhonde, atanyamula kope limodzi lopindika, n'kumafunsa ngati pali chimene chingachitike. Kawirikawiri pamakhala palibe. Inu mudakali ndi mpata wonse. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti maganizo ongosankha chokhuthala kwambiri sadzakutetezani ku zimene zinagwera mnzanuyo, popeza kupindika kwa chikuto sikuchokera pa kupyapyala kokha. Ndaonapo zikuto za 350 gsm zitayasama ngati pakamwa pa ng'ona, pamene zina za 250 gsm zili phee pa shelefu yomweyo.

Tiyambe ndi manambalawo. Mawu akuti gsm amatanthauza kulemera kwa pepala, ndiko kuti magalamu amene pepala la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi limalemera. Pepala limene mumasindikizirapo mayeso a ana kusukulu, lija la mu fotokope, nthawi zambiri limakhala la 80 gsm. Choncho chikuto cha 250 gsm chikulemera kuposa pepala limenelo katatu ndi pang'ono. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti kulemera ndi kulimba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali pepala limene osindikiza amalitcha art paper kapena art card, limene linapakidwa dothi loyera mbali zonse ziwiri kuti likhale losalala. Dothilo limalemera koma silipereka mphamvu, moti pepala lotere likhoza kukhala lolemera koma lofewa. Pali linanso limene amalitcha C1S, lopakidwa mbali imodzi yokha, kunja kosalala ndipo m'kati mokhakhala pang'ono. Limeneli kawirikawiri limakhala lolimba kuposa art card wolemera mofanana nalo, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti guluu wa pamsana pa buku amagwira bwino mbali yosapakidwayo. Mabuku ambiri a chikuto chofewa amene mumawaona m'masitolo, makamaka ochokera kunja, amakhala ndi chikuto cha mtundu umenewu. Mukabwerera kwa osindikiza aja, musangofunsa nambala, funsaninso kuti pepalalo ndi la mtundu uti pa mitundu iwiriyi.

Buku la masamba 160 la A5 limakwanira bwino ndi chikuto cha pakati pa 250 ndi 300 gsm. Cha 350 gsm pa buku laling'ono chotere chimakhala ngati chitseko cholimba mahinjesi: mwana akamatsegula amachita kukakamiza, ndipo mphamvu yonseyo imakathera pamsana, pamene pali guluu. Pakapita miyezi ingapo mudzaona tsamba loyamba likuyamba kusiyana ndi anzake.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikuiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, ngakhale kuti sinalembedwe pa mitengo imene anakupatsani. Pepala lili ndi njira yake, monga mmene nsungwi kapena nzimbe zilili. Aliyense amene anang'ambapo nsungwi amadziwa kuti imang'ambika mosavuta motsata litali lake, koma mopingasa imakana. Pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mitengo, ndipo pamene likupangidwa m'makina timaulusito timagona moloza mbali imodzi. Osindikiza amati grain. Lamulo lake ndi limodzi: timaulusi ta chikuto tiyende motsata msana wa buku, kuchokera pamwamba kupita pansi. Tikatero, chikuto chimatseguka mofewa, chimapindika bwino pamsana, ndipo chikamwa chinyontho chimafutukuka m'njira imene sichilimbana ndi guluu. Tikayenda mopingasa, chikuto chimauma gwa, chimang'aluka popinda, ndipo nyengo ya mvula chimachita mafunde kapena kudzuka m'makona.

Mukhoza kuyesa nokha popanda chida chilichonse. Tengani chidutswa cha pepala la chikutolo, muchikhotetse pang'ono ndi manja awiri osachipinda, kenaka muchitembenuze ndi kuchikhotetsanso mbali inayo. Mudzamva kuti mbali ina chikulola mosavuta ndipo mbali ina chikukana. Mzere umene chikulola kukhotera ndiwo njira ya timaulusi, ndipo umenewo ndi umene uyenera kugona pamsana pa buku. Chifukwa chimene osindikiza ena amaphwanyira lamuloli si umbuli nthawi zonse ayi. Nthawi zambiri ndi kusunga pepala. Chikuto chanu chikatambasulidwa, kutsogolo mamilimita 148, kumbuyo 148, msana pafupifupi 8, kuwonjezapo mamilimita 3 mbali iliyonse odzadula, chikhala pafupifupi mamilimita 310 m'lifupi ndi 216 kutalika. Pa pepala la SRA3, la mamilimita 320 ndi 450, zikuto ziwiri zimakwana, ndipo msana umagona motsata mbali yaitaliyo. Ndiye kuti pepalalo liyenera kukhala limene timaulusi take tikuyenda motsata mbali ya 450. Ngati m'sitolo muli la njira inayo, munthu wofuna kumaliza ntchito msanga adzagwiritsa lomwelo, ndipo inu mudzadziwa mu Januwale. Mapepala a zikuto kuno timaitanitsa kunja, ndipo ndalama zakunja zikavuta osindikiza amagwiritsa chimene chapezeka, choncho funso limeneli ndi loyenera kulifunsa mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndili wachinyamata pantchito tinasindikiza mabuku a nyimbo a kwaya ina, ndipo ndine ndinadula mapepala a zikuto. Ndinaona kuti ndikawatembenuza ndipeza chikuto chimodzi chowonjezera pa pepala lalikulu lililonse, ndipo ndinadziyesa wochenjera. Patapita milungu itatu mkulu wa kwayayo anabwera ndi katoni, naika buku limodzi patebulo osanena kanthu. Chikuto chinali chitadzuka chokha moti mphemvu ikanadutsa pansi pake osagunda. Tinasindikizanso zikuto zonse ndi ndalama za kampani, ndipo mwezi umenewo malipiro anga anachepa.

Chifukwa chachiwiri chopinditsa chikuto ndi laminesheni yomweyo imene timaika kuti ichiteteze. Laminesheni ndi kapulasitiki kopyapyala kwambiri kamene kamamatidwa kunja kwa chikuto ndi kutentha. Kunja kukatsekedwa ndi pulasitiki, chinyontho chimalowera m'kati mokha. Mbali ya m'katiyo imamwa n'kufutukuka, ya kunja imakhala momwemo, ndipo chikuto chimakhotera kunja. Kwanu ku Salima, ndi malo ena onse a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota ndi Mangochi, mpweya umakhala wa chinyontho kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, choncho vutoli limaonekera msanga. Limakula ngati woyendetsa makina anakoka kapulasitikiko mopitirira muyeso kapena anatenthetsa kwambiri, chifukwa kakazizira kamabwerera n'kukoka pepala. Chizindikiro chake n'chakuti zikuto zimatuluka m'makina zitapindika kale zisanamatidwe n'komwe pa buku. Kuli mtundu wina wa laminesheni wopangidwa ndi nayiloni, wotchedwa lay-flat, umene umalola chinyontho kudutsa pang'ono kotero kuti mbali zonse zimafutukuka limodzi. Ndi wokwera mtengo ndipo si osindikiza onse amene amakhala nawo, koma kufunsa sikulipiritsa. Ngati palibe, njira ya timaulusi yolondola ndi dzanja labwino pa makina zimachotsa gawo lalikulu la vutoli.

Musaganize kuti mankhwala ake ndi kusiya laminesheni. Buku la ana lopanda laminesheni silimaliza teremu. Ena adzakuuzani za vanishi kapena UV yopaka chikuto chonse, imene ndi yotsika mtengo ndipo imawala bwino tsiku loyamba. Imeneyo ndi madzi opaka amene amauma, si kapulasitiki, choncho sipereka mphamvu ku pepala kuti lisang'ambike, ndipo UV imakonda kung'aluka popinda n'kusiya mzere woyera pamsana. Ndi yabwino pa magazini kapena kabuku ka msonkhano kowerenga sabata imodzi.

Pakati pa mitundu iwiri ya laminesheni, gloss ndi matt, ine pa buku lanu ndingasankhe gloss mosazengereza. Gloss ndi yonyezimira ija, imene imachititsa mitundu kuoneka yakuya ndi yowala, ndipo chithunzi cha kalulu ndi fisi chimadumphira m'maso mwa mwana ali patali. Chachikulu n'chakuti imapirira. Mwana akagwira buku ndi manja a mandasi kapena a mango, mumangopukuta ndi kansalu konyowa ndipo limabwerera mwakale. Fumbi la mu Okutobala silikanirira. Matt ndi yosanyezimira, yofewa m'manja, ndipo kunena zoona imaoneka yaulemu. Ndimaikonda pa mabuku a ndakatulo, a mbiri ya munthu, kapena malipoti a mabungwe. Koma imazimitsa mitundu pang'ono, ndipo imakandika msanga, makamaka pamene chikuto chili chakuda, chobiriwira kwambiri kapena cha buluu wakuda. Mabuku a matt wakuda akangoyenda ulendo umodzi m'katoni kumbuyo kwa minibasi kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima, akukhulana okhaokha pa mabampu, amafika ali ndi timizere totuwa ngati agwiritsidwa kale ntchito, ndipo wogula amapempha kuti mumuchotsereko mtengo. Zala za thukuta zimasiyanso zidindo zoonekera. Kuli matt wina wosakandika, amati anti-scuff, ndi wina wofewa ngati veleveti, amati soft-touch, koma mitengo yake ndi ya mabuku ogulitsidwa modula, osati a ana a Sitandade 4.

Spot UV ndi vanishi yonyezimira yoikidwa pamalo osankhidwa okha, monga pa zilembo za mutu wa buku, pamwamba pa laminesheni ya matt kuti kusiyanako kuoneke. Ndi yokongola, koma ndi chokongoletsa chabe ndipo siwonjezera tsiku ngakhale limodzi pa moyo wa buku. Imafuna kukonzekera kwapadera kumene mtengo wake ndi womwewo kaya makope ndi 500 kapena 5,000, choncho pa makope ochepa buku lililonse limasenza katundu wolemera. Ikaphonya ndi milimita imodzi yokha, zilembo zimaoneka ngati zili ndi mthunzi wolakwika. Zomwezonso ndi foil, zilembo zagolide zimene mumaziona pa Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo, ndi zilembo zotukuka: zonsezi zimafuna chidindo chachitsulo chosulidwira buku lanulo. Ndalama zimenezo, Mayi, zisungeni kuti zipite kumsana kwa buku.

Ndikunena za msana chifukwa chikuto chabwino pa buku lomatidwa molakwika chili ngati denga la malata pa nyumba yopanda maziko. Masamba 160 ndi ochuluka kwambiri moti masitepulo sangagwire bwino, choncho buku lanu lidzamatidwa ndi guluu kapena kusokedwa. Guluu wamba wotenthetsa, wotchedwa EVA, amafewa kukatentha kwambiri, ndipo buku losiyidwa m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata masana a mu Novembala likhoza kuyamba kutaya masamba. Guluu wa PUR ndi wolimba kwambiri ndipo saopa kutentha, koma amafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti agwire bwino, choncho musakakamize osindikiza kukupatsani mabuku tsiku lomwe amata. Njira yoposa zonse pa buku lodutsa m'manja mwa ana ambiri ndi kusoka masamba ndi ulusi m'magulumagulu kenaka n'kumata chikuto. Ngati kusiyana kwa mtengo wa spot UV kungalipire kusoka, sankhani kusoka. Onetsetsaninso kuti chikuto chili ndi mizere inayi yopindira: iwiri ya m'mphepete mwa msana, ndi ina iwiri pafupifupi mamilimita 6 kuchokera pamenepo, kutsogolo ndi kumbuyo. Mizere yowonjezerayo ndiyo mahinjesi, ndipo imachititsa kuti chikuto chitsegukire pamenepo m'malo mokoka guluu. Ngati mukufuna kusindikiza kanthu m'kati mwa chikuto, malo a msana ndi mamilimita ochepa mbali zake asiyidwe opanda inki, chifukwa guluu sagwira bwino pa inki.

Makope 500 ali pamalire pamene osindikiza ena adzagwiritsa makina a digito ndipo ena makina a offset, akuluakulu aja ogwiritsa inki ndi mapuleti, ndipo ndi bwino kudziwa kuti anuwo agwiritsa ati. Makina a digito ambiri amagwiritsa tona, ufa umene umasungunulidwa n'kukhala pamwamba pa pepala osalowa m'kati. Laminesheni wamba nthawi zina sigwira bwino pa tona wochuluka, ndipo imayamba kumatuka m'mphepete kapena kuchita timatuza totuwa popinda. Pali laminesheni yopangidwira ntchito za digito, ndipo osindikiza odziwa ntchito amaidziwa. Ku offset vuto limakhala kuthamanga: inki imafuna nthawi kuti iume, ndipo chikuto cha mitundu yakuda chikaikidwa laminesheni inki isanaume, zotsatira zake zimaoneka patapita masiku. Pa njira zonse ziwiri, mayeso ndi amodzi. Pindani kona ya chikuto, muyese kusenda kapulasitikiko ndi chikhadabo. Kakasendeka mosavuta n'kusiya inki yonse pa pepala, sikanagwire. Kakagwira bwino kamachoka movutikira ndipo kamang'amba pepala.

Pali mbali ina imene ndikupemphani kuti musachite nokha, ngakhale mdzukulu wanu atakhala wodziwa kompyuta. Fayilo ya chikuto ikonzedwe ndi munthu amene anakonzapo zikuto zopita ku makina osindikizira. Mitundu ya pa kompyuta ndi ya kuwala, ya RGB, pamene makina amasindikiza ndi inki zinayi za CMYK, ndipo buluu wowala kapena wobiriwira wonyezimira wa pa sikirini amatuluka wozimirira. Zithunzi zikhale za 300 dpi, ndiko kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kwake kwenikweni, osati zotengedwa pa WhatsApp, chifukwa WhatsApp imazichepetsa. Kukula kwa msana musaganizire: pepala limodzi la 80 gsm ndi lokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo masamba 160 ndi mapepala 80, n'chifukwa chake ndinati mamilimita 8, koma nambala yeniyeni ichokere kwa osindikiza atayeza pepala limene adzagwiritse. Mawu a pamsana asadzaze msana wonse, asiye mpata mbali zonse, chifukwa makina omata amasuntha pang'ono. Kumbuyo musiye kabokosi koyera ka barcode ya ISBN, timizere tija tosonyeza nambala yodziwira buku, mizere yake ikhale yakuda pa zoyera. Nambala ya ISBN imeneyi kuno imaperekedwa ndi a National Archives of Malawi ku Zomba, ndipo ndi bwino kuitenga chikuto chisanamalizidwe. Ngati cholinga chanu n'chakuti bukuli lidzalowe m'sukulu za boma, yambani mwafunsa ku Malawi Institute of Education ku Domasi za ndondomeko yoyenera kutsata musanasindikize makope onse, kuti musadzauzidwe zosintha mabuku ali kale m'makatoni.

Mawu amodzi pa mitundu. Mwaonapo zikwangwani zakale za m'masitolo zitasanduka zabuluu? Dzuwa limadya inki yachikasu ndi yofiirira msanga kuposa yabuluu ndi yakuda, ndipo laminesheni wamba siletsa zimenezi. Ngati mabuku ena mudzawayala pa tebulo panja kapena pawindo la sitolo, muziyala kope limodzi lachitsanzo, ena akhale m'katoni.

Musanapereke ndalama zonse, pemphani kope limodzi lathunthu, losindikizidwa pa pepala lenilenilo, loikidwa laminesheni yeniyeniyo, ndi lomatidwa monga mmene onse 500 adzamatidwire. Ngati akulipiritsani kopelo, lipirani, ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi penshoni yanu. Pitani nalo ku Salima, muliike pa tebulo m'chipinda chimene mabuku adzasungidwe, ndipo mulisiye sabata yathunthu osaliika chinthu pamwamba. Mulipatse mwana wa zaka 9 alitenge kusukulu m'chikwama chake masiku awiri. Mulitsegule pakati, muligwire tsamba limodzi n'kuligwedeza pang'ono. Likapirira zimenezi, lembani dzina lanu ndi tsiku pa kopelo, osindikiza alembenso, ndipo pa kotesheni palembedwe mtundu wa pepala, gsm yake, mtundu wa laminesheni, kamatidwe, ndi mawu akuti timaulusi ta chikuto tiyende motsata msana. Mabuku akadzabwera osafanana ndi kope limenelo, muli ndi poyambira kukambirana. Osindikiza amene akukana kupanga kope lachitsanzo pa ntchito ya makope 500, kapena amene sakumvetsa mukafunsa za grain, ndi chizindikiro chakuti mukaone ena, ku Lilongwe komweko kapena ku Blantyre.

Pa mitengo itatu ija, woyamba ndiwo uli pafupi ndi chimene buku lanu likufuna. Apempheni akuwerengereninso mtengo wa C1S wa 250 gsm, kapena art card wa 300 gsm ngati C1S palibe, laminesheni ya gloss kunja kokha, mizere inayi yopindira, ndi masamba osokedwa kapena omatidwa ndi PUR. Mabuku akafika, akulungidwe m'mapaketi a makope 10 kapena 20, agonekedwe chafufumimba m'makatoni osati choimirira, ndipo makatoniwo akhale pa matabwa, osagunda simenti kapena khoma, chifukwa simenti imatulutsa chinyontho nthawi ya dzinja ndipo chiswe chimayambira kukhoma. Muzitsegula paketi imodzi pa nthawi, ina ikatha.